Kudziwa Zaka za Kaliwo Wakale ku Tsangano ndi ku Macanga

Kaliwo ndi chosutira fodya cha mbali ziwiri: mutu, momwe amatsendereramo fodya n'kuikapo khala la moto, ndi kampope kokokera utsi. M'maboma a Tsangano ndi Macanga, kumpoto kwa chigawo cha Tete ku Mozambique, kaliwo wakale amatha kutulukira khasu likatembenuza dothi la pabwinja, kapena abale akamagawana katundu wa m'sutikesi ya gogo amene anakagwirako ntchito ku Halale kapena ku Joni. Womutola amafuna kudziwa kuti ndi wa liti. Njira yopezera yankho imatengera mtundu wa kaliwoyo, pakuti akaliwo akale a m'dera lino ali m'magulu atatu: oumbidwa konkuno ndi dongo la kudambo, oyera a ku Ulaya otuluka m'chikombole, ndi amtengo amene ankabwera m'matumba a anthu ochokera kuntchito zakunja. Magulu awiri omalizawa amatha kukhala ndi chidindo cha amene anawapanga. Gulu loyamba, lomwe ndi la eni nthaka, silinyamula dzina la munthu aliyense.

Malire oyamba amawaika ndi fodyayo. Kwawo kwa mbewuyi ndi ku America, ndipo sinkadziwika ku Ulaya, ku Asia kapena ku Africa chisanafike chaka cha 1492. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo fodya anafalikira m'magombe a Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600. Akatswiri ena a zilankhulo amati ngakhale liwu loti fodya, lomwe lilinso m'Chishona, linachokera ku liwu la Chipwitikizi loti folha, kutanthauza tsamba. Choncho kaliwo amene ankasutiradi fodya ku Tsangano kapena ku Macanga sangakhale wakale kupyola cha m'ma 1600.

Koma kusuta n'kwakale kuposa fodya. Chamba chinafika ku Africa kuchokera ku Asia kalekale, ndipo mitu iwiri ya kaliwo yomwe inafukulidwa m'phanga la Lalibela ku Ethiopia inapezeka ndi zotsalira za chamba. Zaka zake ndi za cha m'ma 1320. Wansembe João dos Santos, yemwe anakhalapo ku Sofala, ku Sena ndi ku Tete, analemba m'buku lake la 1609 kuti anthu ankalima chamba ndipo ankadya masamba ake. Chosutira chamba chodziwika kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa chinali cha madzi: mphonda kapena nyanga yokhala ndi madzi, bango lolowa m'madzimo, ndi mutu wadongo woima pamwamba pa bangolo. Ichi n'chifukwa chake kuyang'ana pomwe pali chiboo n'kofunika. Mutu umene chiboo chake chili pansi penipeni, woti uime chilili pa bango, ndi wa chosutira cha madzi. Umene uli wopindika ngati chigongono, wokhala ndi polowetsa bango chapambali, ndi wa kaliwo wopanda madzi, amene anafala pamodzi ndi fodya. Kukayika kukakhalapo, mwaye wa m'katimo umatha kupimidwa ku labotale kuti aone ngati muli nikotini. Mwayewo ndi umboni, ndipo woutsuka ndi sopo amakhala wafafaniza theka la mbiri ya kaliwo.

Kaliwo woumbidwa konkuno amadziwika ndi zokongoletsera zake. Woumba ankasankha dongo, n'kulikanya, n'kuumba mutu pamanja, kenako n'kuukulungiza ndi nkhulungo dongo lisanaume. Mizere, timadontho ndi timakona ankazicheka ndi kamtengo kosongoka kapena kachitsulo, monga momwe mphini zinkachekedwera pakhungu. Zokongoletsera zotere sizinkachokera m'mutu mwa munthu mmodzi. Zinkatsata zomwe amayi a nthawi imeneyo ankalemba pa mbiya ndi miphika yawo, ndipo masitayilo a mbiya amasintha ndi mibadwo. Keith Robinson, amene anafukula malo ambiri ku Malawi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndiye anathandiza kwambiri kuika mapale a kum'mwera kwa nyanja ya Malawi mu ndondomeko: oyamba ndi a Nkope, kenako a Kapeni, kenako a Mawudzu omwe amagwirizana ndi nyengo ya ufumu wa Maravi, ndipo omaliza ndi a Nkhudzi, a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Mayinawa ndi a malo a ku Malawi, koma zimenezo sizilepheretsa kuwagwiritsa ntchito poyerekeza. Malire amene lero amalekanitsa Tsangano ndi Ntcheu anabwera ndi pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 June 1891, ndipo mbiya za kale zinaumbidwa ndi anthu a chilankhulo chimodzi amene sankawadziwa malirewo. Kaliwo wa fodya ayenera kugwera m'nyengo ya Mawudzu yakumapeto, ya Nkhudzi, kapena pambuyo pake.

Chachiwiri chimene chimalankhula m'malo mwa chidindo ndi pomwe kaliwo wagona. Dzala la m'mudzi limakula chokwera: zotayidwa kale zili pansi, zatsopano pamwamba. Mutu wa kaliwo ukapezeka m'dothi limodzi ndi mikanda yagalasi ya ku India, ndi wa nyengo ina. Ukapezeka pamodzi ndi mikanda ya ku Ulaya, mwala wa mfuti yagogodela kapena khobidi lachitsulo lokhala ndi chaka, ndi wa nyengo inanso. Umu ndi momwe Yusuf Juwayeyi anawerengera zaka za Mankhamba, likulu lakale la Kalonga pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe anapeza mapale a Mawudzu pamodzi ndi mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Anthu ambiri amaganiza kuti kupima makala kapena mafupa ndi njira ya radiocarbon kumathetsa nkhani iliyonse. Pa kaliwo wa fodya njirayi ndi yofooka, chifukwa pa zinthu za pakati pa 1650 ndi 1950 imatulutsa zaka zingapo zotheka nthawi imodzi, ndipo nyengo imeneyi ndi yomweyo ya fodya. Kakhobidi kamodzi kopezeka pambali pa kaliwo kamatha kunena zambiri kuposa makala odzaza dzanja.

Kuti kaliwo wa ku Ulaya amveke bwino, payenera kudziwika njira yomwe katundu wakunja ankadzera. Dzina la boma la Macanga linachokera ku ufumu wa Makanga, umene unakhazikitsidwa ndi banja la Caetano Pereira. Gonçalo Caetano Pereira, wochokera ku Goa, anafika kumpoto kwa Zambezi cha m'ma 1760 kudzakumba golide m'dziko la Undi, ndipo anthu anamutcha Dombo-Dombo. Mwana wake Manuel anafika kwa Kazembe mu 1796, ndipo ulendo wa Francisco de Lacerda wa 1798 unatsata njira yomweyo. Ulendo wa Monteiro ndi Gamitto unadutsanso m'dziko la Amaravi mu 1831. Zidzukulu za Pereira zinalamulira Makanga kuchokera ku Muchena mpaka 1902, pamene Apwitikizi anagonjetsa wolamulira womaliza, Chinsinga. Pa zaka zonsezi katundu ankachokera ku Goa ndi ku Diu, n'kudzera ku chilumba cha Mozambique, ku Quelimane, ku Sena ndi ku Tete, ndipo wambiri anali nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Njirayi inkayang'ana ku India, osati ku Holland kapena ku England. Motero kaliwo woyera wa m'zaka za m'ma 1700 akapezeka kuno, ayenera kuonedwa ngati katundu wa munthu mmodzi wapaulendo, osati chizindikiro choti ankagulitsidwa pamsika.

Akaliwo oyerawo ankapangidwa ndi dongo loyera lopanikizidwa m'chikombole chachitsulo, mutu ndi kampope zonse pamodzi. Anali otsika mtengo ndiponso osachedwa kuthyoka, ndipo kusalimba kwawoko ndi kumene kumawachititsa kukhala othandiza: chinthu chimene chimathyoka msanga chimatayidwa pasanapite nthawi yaitali chipangidwireni. Mzinda wotchuka nawo unali Gouda ku Holland, komwe bungwe la opanga kaliwo linakhazikitsidwa mu 1660 ndipo linkasunga kaundula wa zidindo. Chidindo chinkadindidwa pansi pa kachidendene ka mutu, pamalo aang'ono ngati njere ya mphodza: nambala yokhala ndi chisoti chachifumu pamwamba, zilembo ziwiri kapena zitatu, kapena kachithunzi. Kuyambira cha m'ma 1740 pambali pa kachidendeneko ankaikapo chishango cha mzinda wa Gouda, ndipo pa kaliwo wa mtengo wotsika ankawonjezerapo chilembo cha S pamwamba pa chishangocho. Kaliwo wokhala ndi chishango chimenechi sangakhale wa 1700. Msampha uli apa: ku Gouda chidindo chinali katundu. Chinkagulitsidwa, kubwereketsedwa, kapena kusiyiridwa mkazi wamasiye ndi ana, moti chidindo chimodzi chinkatha kudutsa m'manja mwa opanga ambiri pa zaka zoposa 100. Kuchizindikira m'buku la zidindo, monga lomwe Don Duco analemba, ndi chiyambi chabe. Pamafunika kuyang'ananso kukula kwa mutu, popeza akaliwo oyambirira anali ndi timitu tating'ono pamene fodya anali wodula, ndipo mitu inkakula fodya akamatsika mtengo. Kum'mwera kwa Africa njirayi inagwira ntchito bwino ku Cape, komwe Carmel Schrire anafukula Oudepost, kamsasa ka kampani ya Adatchi ka pakati pa 1669 ndi 1732. Adatchi omwewo anakhalanso ku Delagoa Bay, komwe lero kuli Maputo, kuyambira 1721 mpaka 1730.

Pali njira ina yomwe imatchulidwa kawirikawiri, yoyeza kukula kwa chiboo cha kampope. J. C. Harrington anaonetsa mu 1954 kuti pa akaliwo a ku England chiboochi chinkachepa zaka zikamapita, ndipo mu 1962 Lewis Binford anasandutsa zimenezi samu: kuchotsa pa 1931.85 nambala yopezeka pochulukitsa 38.26 ndi kukula kwa chiboo, koyezedwa m'magawo 64 a inchi. Chiboo cha magawo 6 chimapereka 1702, cha magawo 5 chimapereka cha m'ma 1740. Samuyi ndi yokopa, koma siinapangidwire kuno. Imafuna zidutswa zambirimbiri za pamalo amodzi, imasokera pa akaliwo a ku Holland, ndipo imasiya kugwira ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Kuyeza kachidutswa kamodzi kotoledwa m'munda wa mbatata ya kachewere ku Ntengo wa Mbalame, m'boma la Tsangano, n'kulengeza chaka ndi kudzinamiza.

Kaliwo woyera amene angayembekezeke kwambiri m'malire ano ndi wa ku Scotland. M'zaka za m'ma 1800 mzinda wa Glasgow unkatumiza akaliwo ochuluka m'maiko akutali, ndipo ndi Glasgow yemweyo amene anabala African Lakes Company mu 1878, kampani imene anthu anaitcha Mandala, patangopita zaka zochepa amishoni a ku Scotland atafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. Opanga a ku Glasgow ankalemba dzina lawo m'litali mwa kampope, mbali ina dzina la kampani, mbali inayo dzina la mzinda. Kachidutswa kotalika ngati chala, kolembedwa UGALL mbali ina ndi GLAS mbali inayo, n'kokwanira: ndi ka kampani ya McDougall, yomwe inayamba cha m'ma 1846 n'kutseka mu 1967. Kampani ya William White inagwira ntchito kuyambira 1805 mpaka 1955, ya Davidson kuyambira cha m'ma 1861 mpaka 1910. Zaka zimenezi n'zotalikirana, koma pali chothandiza kuzifupikitsa. Lamulo la msonkho la ku America la 1890, lodziwika ndi dzina la McKinley, linalamula kuti katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dziko lomwe wachokera, ndipo opanga ambiri anayamba kulemba SCOTLAND m'malo mwa GLASGOW. Liwu loti SCOTLAND limasonyeza chaka cha 1891 kapena pambuyo pake. Liwu loti GLASGOW silitsimikiza kwenikweni kuti kaliwo ndi wa kale kuposa pamenepo, chifukwa chikombole chakale sichinkatayidwa tsiku lomwelo, makamaka pa katundu wosapita ku America.

Nyengo imeneyi ndi yomwenso Angoni a kwa Maseko anakhazikika ku Domwe, cha m'ma 1870, n'kulamulira mapiri a Angónia, Tsangano, Dedza ndi Ntcheu. Angoni ankakonda fodya wa m'mphuno, wosinja, wosungidwa m'kanyanga kapena m'kamphonda. Bwinja lopanda mutu wa kaliwo silitanthauza kuti eni ake sankaudziwa fodya.

Kaliwo wamtengo ndi wa nyengo ya matchona. Mtengo wake weniweni ndi tsinde la chitsamba chotchedwa briar, chomera m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo kupanga akaliwo otere kunakula ku Saint-Claude ku France m'zaka za m'ma 1850. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna a kumpoto kwa Tete ankathawa msonkho ndi chibalo n'kupita kumafamu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ena n'kuwolokera ku Nyasaland kukalembetsa Wenela. Pobwerako ankanyamula jekete, chipewa, bulangete, njinga, ndipo ena kaliwo. Ambiri mwa akaliwo amenewa anali a m'sitolo wamba, olembedwa dzina la dziko lokha kapena mawu osonyeza kuti mtengo wake ndi briar weniweni, ndipo otere amangodziwika kuti ndi a m'zaka za m'ma 1900. Koma ena amanena chaka mosabisa. Mphete yasiliva yozungulira kampope, ngati inapimidwa ku England, imakhala ndi tizidindo tondondozana: mkango woyenda, kusonyeza siliva weniweni, nangula wa Birmingham kapena mutu wa kambuku wa London, ndi chilembo chimodzi choimira chaka. Chilembocho chimawerengedwa pamodzi ndi kalembedwe kake ndi maonekedwe a kabokosi kochizungulira, chifukwa zilembo zikatha ankayambiranso ndi kalembedwe kena. Kampani ya Peterson ya ku Dublin inkasintha chidindo dziko likasintha dzina: IRISH FREE STATE ndi cha pakati pa 1922 ndi 1937, EIRE chinatsatira, ndipo REPUBLIC OF IRELAND ndi cha pambuyo pa 1949. Kampani ya Dunhill ya ku London inayamba kuika kadontho koyera pa kampope mu 1912, ndipo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920 inkadinda kanambala kosonyeza chaka. Pa akaliwo ake opanda nambala ya patenti, nambala 15 yotsatira mawu oti MADE IN ENGLAND imatanthauza 1975, chifukwa imaphatikizidwa ndi 1960. Kaliwo wa Dunhill anali wa anthu a ndalama. Akapezeka m'mudzi wa ku Chidzolomondo m'boma la Macanga, n'kutheka kuti anali mphatso ya bwana kapena anagulidwa kwa wina atagwiritsidwa kale ntchito.

Pakamwa pa kampope pamanenanso zake. Nyanga, fupa ndi utomoni wouma wachikasu ndi zakale. Labala yolimba yakuda, imene imasanduka yobiriwira ikakhalitsa padzuwa, inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1850. Pulasitiki yonyezimira yosasintha mtundu inafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Komabe mbali imeneyi ndi yomwe imalumidwa ndi kuthyoka, ndipo mwini kaliwo kumudzi sankataya mutu wabwino chifukwa cha kampope. Ankasema kansungwi kapena kuika ka kaliwo wina. Chimodzimodzi mphete: yasiliva ya 1905 imatha kuvekedwa kaliwo wa 1940 pofuna kumanga mng'alu. Zizindikiro zikasemphana, chatsopano kwambiri ndicho chimanena nthawi yomwe kaliwo anakhala momwe alilimu.

Pamenepa pali mfundo yomwe imalamulira nkhani yonse. Chidindo chimanena nthawi imene kaliwo anapangidwa, kapena chaka chimene sakanakhalapo chisanafike. Sichinena tsiku lomwe anafika ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, kapena lomwe anakwiriridwa m'dothi. Kaliwo wamtengo amatha zaka 40 ali m'manja mwa munthu mmodzi, kenako n'kupita kwa mphwake pamodzi ndi dzina. Mpata umenewo umatsekedwa ndi zomwe banja likukumbukira, ndipo m'maboma awiriwa chikumbumtimacho chinaduka kawiri. Frelimo itatsegula nkhondo ku Tete mu March 1968, boma la Apwitikizi linasamutsira anthu ambiri m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamentos. Pa nkhondo yapachiweniweni, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, anthu ambiri a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga anathawira ku Ntcheu, ku Dedza ndi kumaboma ena, ndipo Malawi inasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Nyumba zinapsa, katundu anasiyidwa, akuluakulu ena anaikidwa kuchilendo. Pamene pali chitupa cha Wenela, chiphaso cha msonkho kapena chithunzi cha gogo ali ndi kaliwo pakamwa, mapepalawo ndi ofunika mofanana ndi kaliwoyo ndipo sayenera kulekanitsidwa naye. Pofunsa akuluakulu, funso loti kaliwo ndi wa chaka chanji silipindula kwenikweni. Lothandiza ndi loti malemu anabwera naye ulendo uti, njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa, mwana uti atabadwa.

Kaliwo anayamba kuchepa pamene ndudu zinafala. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ku Limbe mu 1908, ndipo m'midzi kupichira chingambwe m'khoko la chimanga kapena m'pepala kunakhala kosavuta kuposa kunyamula chosutira. Chodabwitsa n'choti Macanga lero ndi limodzi mwa maboma olima fodya kwambiri ku Mozambique, zigafa zili mbwee m'mbali mwa misewu, ndipo fodya wa bale amapita ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mumzinda wa Tete. Koma pafupifupi yense ndi wogulitsa kunja kukapanga ndudu, osati wa m'kaliwo.

Powerenga chidindo chofufutika sipafunika zida zodula. Tochi ya foni ikaunikira chapambali, osati molunjika, zilembo zimaoneka chifukwa cha mthunzi wake, ndipo kapepala kopyapyala kokhutizidwa ndi pensulo pamwamba pake kamatulutsa zomwe diso laphonya. Sandipepa, mpeni ndi waya wotsukira mapoto zimachotsa chidindo osabwereranso. Kaliwo wa m'banja ndi wa banjalo. Wopezeka m'nthaka, pabwinja kapena pafupi ndi manda, amatetezedwa ndi lamulo la Mozambique loteteza chuma cha chikhalidwe, Lei 10/88 la pa 22 December 1988, ndipo womupeza ayenera kuloweza bwino malowo, kusiya mapale ndi mikanda momwe zagonera, n'kukauza mfumu ndi akuluakulu a boma ku Tsangano kapena ku Furancungo.